Kageti ka Kuseri kwa Koleji

Mvumbi unali utakhazikika. Mvula yake sinali yamabingu ayi, inali ija yongowaza mosalekeza, yonyowetsa ndi zinthu za m'nyumba zomwe. Dzuwa linali lisanaoneke chiyambire sabata. Mlimi nyengo yotere amaikonda. Koma munthu wochapa zovala za eni, mvumbi umamulamula kuti zingwe zonse zilowe pakhonde, mabeseni akhale pansi pa malata odontha, ndipo chovala chilichonse chiume ndi nsimbi poti dzuwa palibe.

Mayi wina wochapa, ophunzira a pakoleji ya unamwino ankawatchula Anti a Thovu, chifukwa nthawi iliyonse akawapeza, mikono yawo inkakhala yoyera ndi thovu la sopo mpaka m'zigongono. Anabwera kuno ali mtsikana wongokwatiwa kumene, kutsata amuna awo omwe anali atapeza ntchito yaulonda pakolejipo. Kwawo anasiya munda. M'chikwama anatenga zovala zochepa ndi kachitini ka singano komwe anawapatsa azakhali awo, amene anawalera. M'nyumba mwa azakhaliwo chovala sichinkatayidwa chifukwa cha bowo. Bowo ankalitseka ndi ulusi, pamwamba pake n'kupetapo katsamba kapena kaduwa, kuti wovalayo asayende ndi manyazi a chigamba. Mwini chovala sankamuuza. Ankangomusiyira pabedi kuti adzachione yekha, chifukwa kunena kunali ngati kupempha kuti akuyamike.

Zaka zinapita, mawondo a bambo, amuna awo aja, anakana. Ulonda umafuna miyendo, ndiye anasiya ntchito n'kumakhala pampando wapakhonde, kuthamangitsa nkhuku za eni ndi ndodo kuti zisaponde zochapa. Chipinda chawo chinali chakumapeto pa mzere wa timashopu kuseri kwa mpanda wa koleji. Woyamba anali wagolosale, kenako wafotokope, kenako wometa yemwe aliyense ankamuti Wailesi poti pakamwa pake sipankazima, ndiye iwo. Onsewa ankadya chifukwa cha kageti kamodzi kachitsulo, kopapatiza, koti munthu wonyamula ndowa ankalowa cham'mbali. Geti lalikulu linali kutali. Kuti ukafikeko unkayenera kuzungulira bwalo la mpira, kutsikira kumsewu, n'kuwoloka ngalande yomwe m'dzinja inkadzaza mpaka m'mawondo. Wophunzira wanji angayende ulendo wonsewo chifukwa cha sopo kapena kumeta?

Ntchito yochapa sanachite kuipempha. Chaka chimene makina ochapira a pakoleji anafa, a Matironi, mayi wamkulu woyang'anira zipinda za atsikana, anatulukira okha pa kagetiko. Anayang'ana m'mabeseni, ananunkhiza nsalu ina yomwe inali pachingwe, nanena kuti, "Mayi, ndizikutumizirani ana anga." Basi. Makinawo sanakonzedwenso. A Matironi anapuma pantchito n'kubwerera kwawo, koma mayunifomu oyera anapitiriza kubwera. M'chilimwe ankauma munthu asanamalize kuyanika enawo. M'nyengo yozizira ankatenga tsiku. M'dzinja ndiye ankawadyetsa Anti tulo.

Madzulo a tsiku limene zinthu zinalakwika, magetsi anali atazima. Anti anatsitsa nsimbi yamakala pashelefu, naikupiza mpaka makala anafiira. Pathebulo panali yunifomu ya mtsikana wina wa chaka chachiwiri, wofatsa, wowonda, yemwe anzake ankangomuti Wamagalasi. M'mawa wa tsikulo anali atabwera ndi yunifomu inanso m'manja.

"Anti, ija ndinasiya dzana ikhale itauma mawa kukamacha. Mawa ndi mayeso a m'wodi. Iyi ndagwa nayo m'matope, muichape mukapeza mpata. Ndilibenso ina."

"Iuma, mwanawe. Iwe kawerenge."

Anasita kolala, anasita manja. Akutembenuza kuti asite kumsana, khala linathetheka m'nsimbimo, kachidutswa kake kanadumphira paphewa lakumanzere. Anakaphwatula ndi chala msangamsanga, koma kanali katasiya kale kabowo kakuda m'mbali, koti n'kukwana njere ya nyemba.

Manja a Anti ankadziwa chochita. Anadula timbali topserera, natseka bowo ndi ulusi woyera. Pamwamba pake anapetapo katsamba, koyera pansalu yoyera, kokhala ndi kamtsempha pakati. Anakayang'ana pa kuwala kwa pakhomo, naona kuti katuluka bwino. Amuna awo anasuzumira ali pampando.

"Mayi, mumuuza mwini wake?"

"Ndimuuze chiyani? Mwana ali ndi mayeso, ndimuwonjezere nkhawa? Adzakaona yekha."

Kutacha Wamagalasi anabwera akuthamanga, ambulera ili m'manja. Analandira yunifomu ili chipindire, nathokoza, nabwerera osaitambasula.

Dzuwa likanakhalapo bwenzi lili pamutu pamene anabweranso. Anali asanavule yunifomuyo, ambulera analibe, magalasi ali ndi madontho. Anaima pakhonde, natembenuka kuwapatsa msana, nakoka nsalu ya paphewa.

"Ichi n'chiyani, Anti?"

"Panapsa pang'ono, mwanawe. Ndinapatseka."

"Munapatseka!" anatero mtsikanayo. "Aphunzitsi akagwira ndi nsonga ya cholembera pamaso pa odwala. Akuti, 'Kodi tabwera kuukwati?' Akuti yunifomu siikhala ndi zokometsera, ulusi wotere umasunga tizilombo. Anditulutsa m'wodi ndisanagwire n'komwe wodwala. Akuti ndidikire chaka chamawa."

Anti anapukuta manja pachitenje, koma thovu linali ngati silikuchoka.

"Ine ndinaona ngati ndakuchitira zabwino."

"Mukanangondiuza! Ndikanabwereka ya mnzanga. Mukanangondiuza, Anti!"

Anachoka akulira. Anti anatsala ali chilili, madzi a padenga akudonthera m'beseni.

Madzulo ake ophunzira anatuluka pa kagetiko mmodzimmodzi, koma pofika pakhonde anali gulu. Patsogolo panali mnyamata wamtali, mtsogoleri wawo, yemwe ankamuti Pulezidenti. Wamagalasi panalibe. Ophunzirawo sanafunse zambiri. Aliyense anayamba kukoka yunifomu yake pachingwe, yonyowa choncho, zopanira zikuthothoka. Chingwe china chinaduka. Wina, kaya mwadala kaya ayi, anaponda beseni lalikulu n'kuling'amba, madzi a sopo anayenderera kulowa m'chipinda mpaka kunsi kwa bedi.

"Kuyambira lero pano sipabweranso chovala chathu!" anatero Pulezidenti. "Mwalepheretsa mnzathu ndi zaluso zanuzo."

Bambo anagwira ndodo kuti adzuke, koma mawondo anawabweza pampando. Anayesanso, anabwereranso. Chimenechi ndicho chinawapweteka Anti kuposa beseni. Gulu litapita, pachingwe panatsala yunifomu imodzi yokha, ija yamatope ya Wamagalasi, yomwe anali ataichapa m'mawa.

Nkhani ikanathera pamenepo, ikanakhala ya Anti okha. Koma mawa lake Pulezidenti analowa kwa Wailesi kukameta, poti iye mlandu ankauona kuti ndi wa wochapa basi. Wailesi anamukhazika bwinobwino, anamukulunga nsalu m'khosi, nameta mbali yonse yakumanja mpaka kuwala. Kenako anazimitsa makina.

"Bwanji, achimwene?"

"Magetsi azima, bwana Pulezidenti."

"Azima bwanji babu ikuyaka?"

"Ya babu ndi ena, ya makina ndi ena. Mbali inayo akakumalizeni amene anaponda beseni la mayi aja."

Mnyamatayo anatuluka atafunda jekete kumutu, koma wina anali atamujambula kale pafoni. Pofika madzulo chithunzicho chinali chitazungulira koleji yonse. Miyala inagwa pamalata a timashopu. Galasi la zenera la wagolosale linasweka. Wafotokope anatseka chitseko, nakhala m'kati atakumbatira makina ake ngati mwana wodwala.

Tsiku lotsatira pa kagetiko sipanadutse wophunzira ndi mmodzi yemwe. Anti anakolopa pansi pomwe anali atakolopa kale. Anatsuka mabeseni opanda kanthu. Makutu awo anali ku kageti, chifukwa kankalira munthu akamakatsegula, koma chomwe ankamva ndi mvula yokha. Chakumasana mlonda wa pakoleji, yemwe anagwirapo ntchito ndi bambo kale, anabwera kumpanda n'kuwakodola.

"Mlamu, musanene kuti mwamva kwa ine. Akuluakulu aitana wowotcherera zitsulo. Mawa masana kageti aka akatseka, kutseka kosadzatsegukanso."

Anti anayandikira. Anagwira waya wa mpanda.

"Nanga ife?"

"Akuti mavuto onse akulowera pano. Ine ndangomva ali pafoni."

Nkhaniyo inafika pamzere wonse mwamsanga kuposa iwo. Wagolosale anatuluka, mkono uli m'chiuno.

"Mayi, katsamba kanuko katidyetsa mphepo tonse. Ine buledi ndigulitsa kwa yani, kwa achule a m'ngalande?"

"Asiyeni mayiwa," anatero Wailesi. "Anawo ndi opanda mwambo."

"Iwe khala chete! Unameta mutu wa eni theka, ukufuna tikuombere m'manja? Zenera langa wandigulira?"

"Mutuwo unali woipa kale, ine ndangouthandiza mbali imodzi."

Palibe anaseka. Wafotokope, munthu wosayankhulayankhula, ananena motsitsa mawu kuti makina ake salola kusamutsidwasamutsidwa, ndipo sakudziwa kumene angapite nawo. Onse anayang'ana Anti.

Madzulo ake chakudya chinawakanika. Ankaganiza za kumudzi, za munda womwe tsopano ankalima ana a achimwene awo. Munthu amabwerera bwanji kumudzi pakati pa dzinja, anzake atabzala kale, iye ali ndi mwamuna wosayenda ndi mabeseni ong'ambika?

"Ine ndinalondera mpanda umenewu unyamata wanga wonse," anatero bambo, "osadziwa kuti ndikulondera chodzanditsekera kunja." Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Mayi, mawa mulawire ku ofesi. Mukafunse woyang'anira ophunzira. Anawo amamuti Abwerenimawa, koma si munthu woipa. Kungoti amaopa mafoni."

"Ndikanene chiyani? Kulakwa ndinalakwa."

"Mukanene kuti munalakwa. Mukanenenso kuti amene anakutumizirani anawo ndi koleji."

M'mawa Anti anavala diresi yawo yopitira kutchalitchi, nafunda pepala lapulasitiki. Analowera pa kagetiko. Zaka zonsezi anali asanapiteko kupitirira mpopi wa kuseri kwa zipinda za atsikana. M'khonde lalitali la maofesi nsapato zawo zinkasiya mapazi amadzi, ndipo ankacheuka kuwayang'ana mwamanyazi.

Woyang'anira ophunzira anali bambo wa imvi zochepa, maso ofiira ndi kutopa. Patebulo pake foni inkangonjenjemera. Anawamvetsera mpaka kumapeto osawadula.

"Mayi, ndakumvani, ndipo pepani za beseni. Koma zochitika kunja kwa mpanda si za koleji. Inu ndi wophunzirayo munagwirizana nokha. Mukakambirane nokha."

"Bwana, amene anabwera kwanga ndi a Matironi. Ine sindinaitane mwana wa munthu."

"Ndikudziwa. Koma a Matironi anapuma, ndipo koleji sinakulembeni ntchito."

"Nanga kageti?"

"Kageti ndi ka koleji. Makolo akundiimbira kuti ana awo akumenyana ndi anthu a m'mashopu. Akuluakulu anga akuti nditseke. Ine nditani?"

"Ndiye kageti ndi kanu, koma ana odutsapowo akafika kwanga si anu?"

Bamboyo anatikita pachipumi. Foni inanjenjemeranso, anaiyang'ana.

"Mayi, tabwerani mawa."

Anti anatuluka. Mawa kageti kadzakhala katawotchereredwa kale. Anakhala pa benchi ya pakhonde kuti apume. Atakweza maso anaona kuti kumapeto kwa benchiyo kwakhala Wamagalasi, atavala zakunyumba, manja ali pakati pa mawondo. Onse awiri anayang'ana kumvula.

"Wadya, mwanawe?"

Mtsikanayo anapukusa mutu.

"Ine sindinawatume aja, Anti. Ndinangolira kuchipinda, iwo n'kunyamuka."

"Ndikudziwa. Unalibepo." Anti anasendera pafupi naye. "Ndinakulakwira. Kwathu bowo timatseka choncho, osanena. Sindinadziwe kuti kuno ndi mlandu. Koma chovala chinali chako, ndinayenera kukuuza. Pepa."

Wamagalasi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi.

"Kwathu sindinawauze. Amayi anauza kale mpingo wonse kuti chaka chamawa ndimaliza. Ndiyamba bwanji?"

"Nanga bwanayu wati chiyani?"

"Ndabwera dzulo, ndabwera dzana. Akuti za yunifomu ndi za ine ndi wochapa, koleji sizikuikhudza. Ndikakambirane ndi inu."

Anti anatembenuka thupi lonse.

"Inenso andiuza zomwezo. Akuti ndikakambirane ndi iwe."

"Ndiye tikambirane chiyani? Inu mungandilembetse mayeso?"

"Nanga iwe ungaletse wowotcherera?"

Mtsikanayo anatulutsa kaphwete kosafuna, misozi ili m'maso. Kunja kunamveka kulira kwa wilibala. Mwamuna wovala ovololo ankaikankha kudutsa pabwalo, m'kati muli makina owotcherera atafunditsidwa thumba. Ankalowera kuseri, kumpanda. Anali atabwera msanga.

Anti anaimirira.

"Dzuka, mwanawe. Akuti tikambirane, ndiye tikakambirane pamaso pawo."

Anagogoda n'kulowa asanayankhidwe. Woyang'anira ophunzira anali pafoni. Ataona awiriwo ataima limodzi, anaitsitsa pang'onopang'ono.

"Bwana, takambirana," anatero Anti. "Ine ndapepesa, mwana wamva. Mbali yathu yatha. Zatsalazi si zathu. Mayeso ndi anu, kageti ndi kanu."

"Mayi, ndanena kuti..."

"Sala," anatero Wamagalasi kwa bamboyo, mawu ali ang'ono koma osabwerera, "tsiku lomwe tinafika, potionetsa malo, anatiuza kuti makina ochapira ndi owonongeka, tizipita kwa Anti kuseri. Anatiuza muholo, inu mutakhala kutsogolo. Koma palibe anawauza Anti malamulo a yunifomu. Ife tinawaphunzira m'kalasi. Iwo akanawadziwira kuti?"

Bamboyo anayang'ana pazenera, pomwe madzi ankatsetsereka pagalasi.

"Ndipo mnzako uja wa theka la mutu?" anafunsa. "Bambo ake andiimbira m'mawa uno, mawu ake sindingawabwereze."

"Wometayo analakwa," anatero Anti. "Woponda beseni analakwa. Woswa zenera analakwa. Ine ndinayamba. Koma tonsefe tilibe potikhazika pansi. Tikakumana tokha kuseri kuja, igwanso miyala. Inu muli ndi holo ndi mipando. Tiitaneni."

"Koleji si bwalo la milandu, mayi."

"Ndiye mukatseka, ana anu azikachapitsa kuti m'dzinja lino? Makina munakonza?"

Bamboyo anatenga foni, naizunguza m'manja, naibweza patebulo. Kenako anaitenganso n'kuimba. Anti anamva akuuza mlonda kuti wowotcherera ayambe wadikira. Anaimbanso kwina, ataimirira, akuyankhula mwaulemu kwambiri, "inde bwana" wambirimbiri. Anti anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ankamva mbali imodzi yokha ya nkhani, ndipo mbali imeneyo sinkalonjeza kanthu.

Atamaliza anakhala pansi mwamphamvu.

"Tamverani. Sitiwotcherera lero. Tiikapo loko. Lachisanu ndiitana atsogoleri a ophunzira ndi inu nonse a m'mashopu, muholo. Wometayo abwere, ndipo abwere ndi pakamwa potseka. Zikakayenda bwino, akuluakulu aona ngati lokoyo ingachoke. Zikakavuta, wowotcherera abweranso, ndipo ine sindidzamuletsa."

"Kufikira Lachisanu kakhala kotseka?"

"Kotseka, mayi. Pamenepo sindingasunthe."

Anatembenukira kwa Wamagalasi.

"Iwe, ndiyankhula ndi aphunzitsi ako masana ano. Sindikulonjeza. Gulu lomaliza likulowa m'wodi mawa m'mawa. Ukhale wokonzeka, mwina angakulole. Ubwere ndi yunifomu yopanda kalikonse. Kalikonse, wamva?"

"Ndamva, sala."

Atatuluka pakhonde, mtsikanayo anaima.

"Anzanga onse zawo n'zonyowa, anazitenga zosauma tsiku lija. M'chipinda mwathu mukununkha chinyontho. Yanga ina ija ili kwanu."

"Ili pachingwe. Ndiisita."

Wamagalasi anawayang'ana, milomo ikufuna kunena china.

"Ndiisita basi," anatero Anti. "Pakachitika kanthu ndikuuza."

Mlonda anawaperekeza kukageti. Wowotcherera anali atabisala pansi pa mtengo, akusuta, makina ake ali pambali. Anti anatuluka cham'mbali monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwawo anamva unyolo ukukokedwa pazitsulo, kenako loko inatseka.

Pamzere onse anali pamakomo. Anawafotokozera mwachidule. Wagolosale anafunsa ngati za zenera zikakambidwe, Anti anati akafunse yekha Lachisanu. Wailesi anati iye akayankhula mawu awiri okha, ndipo wafotokope anamuyang'ana mpaka anasintha n'kunena kuti amodzi. Kenako aliyense analowa m'shopu yake yopanda munthu.

Magetsi anali atazimanso. Anti anagwira yunifomu pachingwe, inali yozizira, yonyowa m'misoko. Anatsitsa nsimbi. Makala anasankha okhaokha olimba, osathetheka, nawakupizira panja mpaka utsi wonse unatha. Anatseka nsimbi, naigwedeza kutali ndi thebulo kuti phulusa ligwe. Pamwamba pa yunifomu anayalapo nsalu yoyera yopyapyala, n'kumasita pamwamba pa nsaluyo. Zinkachedwa. Nthunzi inkakwera kumaso. Nsimbi ikangolira pang'ono, ankainyamula msanga n'kuyang'ana pansi pake.

"Pumani kaye, mayi," anatero bambo.

"Ndikapuma makala azima."

Anasita kolala, manja, kumsana, matumba, misoko mmodzimmodzi mpaka chinyontho chinatha. Anapita nayo pakhomo, naitembenuza pa kuwala mbali zonse. Anaipinda, naikulunga m'nsalu youma, naiika m'jumbo lapulasitiki, jumbolo n'kuliikanso m'linzake. Anavula nsapato zakutchalitchi, navala zapulasitiki.

Anadutsa pa kageti osayang'anako. Anazungulira bwalo la mpira, udzu ukuwanyowetsa m'miyendo. Anatsikira kumsewu, galimoto ina inawawaza matope, iwo anatembenuka kuti msana ndiwo ulandire. Ngalande inali itadzaza. Anaika jumbo pamutu, naligwira ndi dzanja limodzi, linalo anakwinya diresi, nalowa m'madzi pang'onopang'ono, phazi likufufuza mwala. Madzi anafika m'mawondo, kenako anayamba kutsika.

Pa geti lalikulu mlonda wachilendo anatulutsa mutu pakawindo. Anti anamuuza kuti aitane mtsikana wa chaka chachiwiri, wamagalasi. Anadikira pansi pa kadenga, madzi akutsika m'miyendo. Mtsikanayo atafika, Anti anapukuta manja, namasula jumbo lakunja, napereka lam'katilo kudzera pakati pa zitsulo.